Mbale ya phala: lipoti la mayi amene amuna awo anapezeka ndi khansa ya m'matumbo atauzidwa kale kuti mulibe kanthu

Ndine namwino, ndipo ntchito yanga muno mu Lusaka ndi yolangiza odwala khansa pamodzi ndi abale amene akuwadwazika. Lipoti ili ndi la mayi wina amene ndinaonana naye ka 8 pa miyezi 10. Odwala anali amuna awo, koma fayilo imene ndinatsegula inali ya mayiwo, chinthu chimene sitichita kawirikawiri ngakhale kuti timayenera kutero. Onse awiri anavomera kuti ndilembe nkhani yawo. Mayina ndachotsa, zina zowadziwikitsa ndasintha, ndipo ndiziwatchula kuti mayi ndi bambo monga ndinkawaitanira.

Banjali ndi matenda a bambo

Mayi ali ndi zaka 46, amasoka zovala ndi kugulitsa zitenje pamsika ku Mtendere. Bambo ali ndi zaka 51, amasunga katundu pakampani ina kutauni. Onse kwawo ndi ku Katete, amapemphera ku mpingo wa Reformed Church in Zambia (RCZ), ndipo mayi ali m'chigwirizano. Ana alipo atatu, azaka 24, 19 ndi 13.

Akulu awo a bambo anamwalira kumudzi ali ndi zaka 46, mimba itatupa, thupi litatha, popanda wonena dzina la nthendayo. Imfa imeneyo inawakhala pamtima mayi. Kuno kwathu palibe ndondomeko ya dziko lonse yoitana anthu kudzayezetsa khansa ya m'matumbo, choncho amene amayezetsa ndi uja wafuna yekha ndipo ali ndi pogwira. Kuntchito kwa bambo kunali thandizo la zachipatala, ndipo mayi anawaumiriza mpaka anapita kuchipatala china cholipira kukachita kolonosikopi, kumene amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera kumbuyo kuti aunike thumbo lalikulu lonse. Bambo anali ndi zaka 49. Atadzuka anauzidwa kuti mulibe kanthu, adzabwerenso patapita zaka zambiri. Lamlungu lake mayi anakapereka chiyamiko kutchalitchi.

Patapita miyezi pafupifupi 19 bambo anayamba kutopa ndi kuchita befu pokwera masitepe a kuntchito. Kukiliniki anapeza magazi ali pa 9.8, pamene mwamuna amayenera kukhala ndi 13 kapena kuposa. Malungo sanapezeke. Anawapatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi mapiritsi owonjezera magazi. Atafunsidwa za m'mimba, bambo anayankha kuti m'matumbo anaunikamo kale, ndipo nkhani inathera pomwepo. Pamenepa mpamene pepala loyera la kolonosikopi ija linawononga kwambiri. Mwamuna wa msinkhu umenewu akachepa magazi chifukwa chosowa ayironi, timayenera kuganiza kuti magazi akutayika pang'onopang'ono m'mimba kapena m'matumbo kufikira titatsimikiza kuti si choncho. Chotupa cha mbali ya kumanja kwa thumbo sichifulumira kutseka njira, chifukwa thumbo kumeneko ndi lotakasuka ndipo chimbudzi chimakhala chidakali chamadzi. Chimangokha magazi osaoneka ndi maso. Mapiritsi a ayironi nawo amadetsa chimbudzi, moti ngakhale chikanasintha mtundu palibe akanadabwa.

Miyezi 7 inadutsa. Magazi anatsika kufika pa 7.4, thupi linachepa makilo 6, ndipo kumanja kwa mimba kunayamba kupweteka. Kolonosikopi yachiwiri, miyezi 26 kuchokera pa yoyamba, inapeza chotupa pafupi ndi pamene thumbo lalikulu limayambira. Sikani ya CT inaonetsa kuti chiwindi ndi mapapo zili bwino. Anawachita opaleshoni, anadula mbali ya kumanja ya thumbo n'kulumikiza, ndipo sipanafunike thumba la chimbudzi la pamimba. Pa timwanabere 18 timene anachotsa pafupi ndi chotupacho, 4 tinali ndi khansa. Imeneyo ndi siteji 3, imene timachiza ndi cholinga choti munthu achiriretu. Kemo, amene ndi mankhwala opha khansa, ankalandira pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH, ku Cancer Diseases Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007 ndipo chimalandira odwala ochokera m'zigawo zonse 10 za dziko lino. Anawalembera maulendo 8: diripi ya oxaliplatin kamodzi pa masabata atatu alionse, ndi mapiritsi a capecitabine m'mawa ndi madzulo kwa masiku 14, kenako kupuma masiku 7.

Tsiku loyamba, ndi pamene ndinalakwa

Anandibweretsera mayi ndi namwino mnzanga, amene anawapeza tsiku la diripi yachiwiri atakhala pansi panja, atatsamira khoma, fulasiki ya tiyi ili pamiyendo yosatsegula. Ankamva chizungulire. BP inali 158/96. Anati usiku amagona maola atatu, amadzuka cha m'ma 02 koloko n'kumamvetsera ngati bambo akupuma. Makina osokera anali atakhala miyezi iwiri osapalasidwa. Pa mafunso 9 a PHQ-9, amene timayezera kukula kwa matenda okhumudwa, anapeza 14 pa 27. Za kudzipha ndinafunsa mosabisa, ndipo anati ayi, ana angawasiyire yani.

Ankayankha mwaulemu, mwachidule, maso ali pansi. Chakumapeto anati, "Asisita, zonsezi ndi ine." Ine osafunsa n'komwe kuti akutanthauza chiyani, ndinayankha zimene ambiri a ife timayankha: musadziimbe mlandu, khansa sasankha, inu munachita bwino kuwatumiza kukayezetsa. Anagwedeza mutu, anathokoza, anatola chikwama. Tsiku limene tinapangana sanabwere, ndipo foni yanga sanayankhe kawiri.

Ndakhala ndikulingalira za mphindi imeneyo. Munthu akanena kuti mlandu ndi wake, nthawi zambiri pali chinthu chenicheni chimene akuchiona m'maso mwake, chokhala ndi tsiku lake ndi ola lake. Ukamumasula usanamve chinthucho, iye amangodziwa kuti ukulankhula zosadziwa, ndipo amatseka pakamwa kuposa kale. Amayi a chigwirizano anali atawauza kale kuti madzi akatayika saoleka, abusa anali atawauza kuti asiye zonse m'manja mwa Mulungu. Ine ndinangowonjezera pa mulu womwewo.

Ulendo wachitatu foni inayankhidwa. Ndinawauza kuti tsiku lija ndinafulumira kuyankha ndisanamve, ndipo ndikufuna kumva. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati abwera Lachinayi akachoka kuchigwirizano.

Pepala ndi phala

Anabwera atavala yunifomu ya chigwirizano. M'chikwama anatulutsa Buku Lopatulika, ndipo m'kati mwake munali pepala lopindidwa kanayi, lokutidwa ndi kapulasitiki ka shuga. Linali lipoti la kolonosikopi yoyamba. Analiika patebulo koma dzanja sanachotsepo.

"Asisita, inu munati ndisadziimbe mlandu. Kodi mukudziwa chimene ndinachita?"

Anafotokoza motere. Tsiku loti mawa akaunikidwe, bambo anauzidwa kuti asadye kanthu, azingomwa madzi ndi tiyi wopanda mkaka, ndipo madzulo amwe mankhwala otsuka m'mimba. Malangizowo anali papepala lachingelezi limene anapatsidwa pawindo, popanda wowafotokozera chifukwa chake. Pofika cha m'ma 21 koloko malaiti anali atapita, bambo anali atapita kuchimbudzi kosawerengeka ndi tochi ya pafoni, ndipo anakhala pamphepete pa bedi manja akunjenjemera. Anati, "Amake mwana, njala yandipha." Mayi anakoleza mbaula, anaphika phala lamadzimadzi la mgaiwa, theka la mbale. Bambo anamwa, anagona.

"Ndinaikamo ndi nsinjiro," anatero mayi, ndipo pamenepo mpamene analira.

Chinsinsi chimenechi anali atachisunga miyezi inayi. Tsiku limene dokotala wa kolonosikopi yachiwiri ankawalangiza za kukonzekera, anawauza kuti m'matumbo mukatsala zakudya kamera siona bwino, ndipo mayi anakumbukira mbale ija nthawi yomweyo. Kuyambira tsiku limenelo sanaphikenso phala pakhomo pawo. Chomvetsa chisoni n'chakuti masiku otsatira diripi, pamene bambo ankachita nseru ndipo nsima inkawakanika, phala ndi limene likanawatsika bwino. Mayi ankawapatsa buledi, mpunga, mbatata, chilichonse kupatula phala. Akaona ufa ndi mthiko m'mawa, mtima unkawathamanga.

Ulendo uno sindinayankhe msanga. Ndinawauza kuti funso lawo ndi lenileni ndipo liyenera yankho lenileni, kuti ine ndekha sindingalimalize, ndipo ndinapempha kuti tiwerenge pepalalo limodzi, mzere ndi mzere, ine ndikumasulira m'Chinyanja. Kwa zaka ziwiri iwo ankangoyang'ana liwu limodzi la kumunsi, lolembedwa ndi zilembo zazikulu, lakuti normal. Koma pakati pa pepalalo panali mzere waung'ono wonena kuti mbali ya kumanja kwa thumbo munali zotsalira ndipo sanathe kuona khoma lonse bwinobwino. Panalibe mawu oti abwerenso msanga. Ndinawerenga mzerewo kawiri. Mayi anati, "Ndiye ndi phala lija." Ndinati mwina linathandizira, koma pepala lomweli likutiuzanso chinthu china: amene anagwira makina anaona ndi maso ake kuti m'kati simunayere, analemba, koma sanakuuzeni.

Zimene dokotala anawauza

Atandilola, ndinatengera pepalalo kwa dokotala amene anachita opaleshoni, ndipo anavomera kukhala ndi mayi kwa mphindi zochepa. Ndisanalembe zimene ananena, ndifotokoze zimene zimachitika, chifukwa mabanja ambiri amafika kwa ife akukhulupirira kuti kolonosikopi yoyera ndi chikalata cha moyo wonse.

Thumbo lalikulu ndi lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, lili ndi makwinya ndi ngodya, ndipo mbali ya kumanja ndi imene ili kutali kwambiri ndi polowera kamera. Khansa yambiri ya m'menemo imayamba ngati kanjerewere pakhoma la thumbo, ndipo cholinga chounika n'chakuti kanjerewereko kapezeke n'kuchotsedwa kasanasinthe. Tina timakhala ndi khosi ngati bowa ndipo timaoneka msanga. Tina, makamaka kumanja, timakhala taphwatalala, tofanana mtundu ndi khoma, tophimbidwa ndi nembanemba ya mamina, moti gaga pang'ono kapena zinyenyeswa za mtedza zikakhalapo, diso limapitirira. Nthawi zina kamera sifika kumapeto, nthawi zina kanjerewere kamachotsedwa koma kamuzu katsala. N'chifukwa chake malangizo a akatswiri amati m'matumbo mukapezeka kuti simunayere, munthu aunikidwenso chisanathe chaka. Khansa yopezeka pakati pa kuyeza kumodzi ndi kotsatira ndi yodziwika padziko lonse, ngakhale kuzipatala zokhala ndi makina abwino kwambiri. Siichuluka, koma ilipo.

Palinso njira ina. Kawirikawiri kanjerewere kamatenga zaka pafupifupi 10 kuti kasanduke khansa, koma m'mabanja ena zimenezi zimachitika m'zaka ziwiri kapena zitatu zokha. Ndi nthenda ya m'magazi a banja yotchedwa Lynch syndrome, dzina lochokera kwa dokotala wa ku America, Henry Lynch, amene anafufuza mabanja otere kuyambira m'ma 1960. Imayambitsa pafupifupi khansa 3 pa 100 zilizonse za m'matumbo, imakonda mbali ya kumanja, imagwira anthu asanakalambe, ndipo kwa akazi imabweretsanso khansa ya m'kati mwa chiberekero. Kholo likakhala nayo, mwana aliyense akhoza kutengera kapena ayi, mofanana ngati kuponya ndalama. Anthu otere timawaunika chaka chilichonse kapena pa zaka ziwiri. Kanyama ka chotupa cha bambo katayezedwanso, kanaonetsa chizindikiro chimene chimapezeka pa khansa yotere, ngakhale kuti chizindikirocho chimapezekanso mwa ena opanda nthenda ya m'banjayi. Tikaonjeza akulu awo aja, ndi azakhali awo amene tinamva pambuyo pake kuti anamwalira akutaya magazi kumaliseche atasiya kale kusamba, chikayikiro chinakula.

Dokotala anakhala pampando, osati chiimire, ndipo anayankhula Chinyanja. Anati, "Amayi, sindikunamizani. Phala likhoza kudetsa m'matumbo. Koma anthu ambiri amabwera asanayere, ena asanza mankhwala, ena adya, ndipo ntchito yathu ife ndi kunena kuti lero sitinaone bwino, bweraninso. Mlandu umenewo si wa wophika. Komanso palibe munthu angakuuzeni ngati chotupacho chinalipo tsiku limenelo. Mwa amuna anu chikhoza kukhala chinamera pambuyo pake."

Ndinkayembekezera kuti apepukidwa. Chimene chinabwera ndi mkwiyo. Potuluka anaima pakhonde n'kunena mokweza kuti iwo analipira, anathokoza, anakapereka ndi chiyamiko kutchalitchi, pamene munthu anali atalemba ndi dzanja lake kuti sanaone. Kwa ine mkwiyowo unali chizindikiro chabwino, chifukwa kwa nthawi yoyamba sunkaloza mwa iwo eni. Ankafuna kupita kuchipatala chija tsiku lomwelo. Ndinawafotokozera kuti ali ndi ufulu wolemba kalata yopempha kuti awafotokozere, ndiponso kuti madandaulo okhudza ogwira ntchito zachipatala amapita ku Health Professions Council of Zambia. Atakambirana ndi mwana wawo wamkulu anasankha kudikira kuti kemo ithe. Sindinawakankhire mbali iliyonse, ngakhale kuti mumtima mwanga ndikufuna kalatayo ilembedwe, chifukwa pali ena amene ali ndi mapepala otere m'Mabuku Opatulika awo.

Alamu ochokera ku Katete

Pepala loyera lija linabweretsa vuto linanso, limene m'mabuku a unamwino silipezeka. Alongo awo a bambo, azaka 48, anabwera pabasi kuchokera ku Katete pa diripi yachitatu, atanyamula mtedza, nkhuku ndi botolo la mankhwala a zitsamba. Mawu awo anali amodzi: makina anaunika, sanaone kanthu, ndiye chotupa chachokera kuti ngati si za anthu? Sanatchule dzina la munthu, koma ankanena zimenezi akuyang'ana mlamu wawo, ndipo anafunsa kuti nyumba ya ku Mtendere inalembedwa m'dzina la yani. Mayi, amene ankadziona kale ngati wolakwa, sanayankhe kanthu. Kukhala chete kumeneko achibale anakumva mwa njira ina.

Tinakonza zokumana kunyumba kwawo Loweruka, pali bambo, mayi, alamu, mwana wamkulu, ndi mkulu wa mpingo amene analinso nkhoswe yawo. Ndinajambula thumbo kuseri kwa kalendala ndi kusonyeza pamene panali chotupa, ndi kutalika kwa ulendo wa kamera. Za phala sindinanene, chifukwa inali nkhani ya mayi. Pofika pa nkhani ya magazi a banja ndinayenda mosamala. Kunali kosavuta kuigwiritsa ntchito ngati chikwapu, kunena kuti nthendayi ndi ya kwanu komwe, siya mlamu wanu. Ndikanatero ndikanapambana mkangano n'kutaya munthu amene nayenso ali pachiopsezo. Ndinangowafunsa alamuwo kuti andifotokozere mmene achimwene awo aakulu anadwalira. Anafotokoza kutopa, maso oyera, kupweteka kumanja, kenako mimba kutupa. Ali pakati anasiya, anayang'ana mlongo wawo, n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Sindinganene kuti anasiya kukhulupirira za anthu, ndipo sindinayese kuwasiyitsa. Chimene tinagwirizana n'chakuti mapemphero apitirire mmene angafunire, koma chakumwa chilichonse cha zitsamba chisalowe m'kamwa mwa bambo dokotala asanadziwe, popeza capecitabine payekha amatsegula m'mimba ndipo chiwindi chili kale ndi ntchito yaikulu. Alamu anavomeranso kukaonana ndi dokotala iwo eni asanabwerere. Nkhani ya nyumba bambo anaidula okha. Mkulu wa mpingo anakumbutsa kuti munthu akamwalira wopanda wilo, chikalata chonena za kagawidwe ka chuma chake, lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limapereka magawo 20 pa 100 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo, komanso kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Bambo anati iwo sakufa, koma wilo alemba sabata yomweyo kuti pasakhale wolankhulanso. Analembadi.

Kuwauza bambo

Diripi yachinayi ndi yachisanu zinagwera mu June ndi July, Lusaka itazizira. Oxaliplatin amachititsa kuti munthu akagwira chozizira amve ngati wagwidwa ndi magetsi, ndipo akamwa madzi ozizira pakhosi pamathina. Nditapita kunyumba kwawo ndinapeza mayi atakulunga tinsalu ta zitenje pazogwirira za zitseko, pampopi ndi pasupuni ya bambo, zonse zosokedwa bwino ndi dzanja la telala. Zikhatho ndi mapazi a bambo zinali zitada ndi kusenda chifukwa cha mapiritsi, ndipo mayi ankawadzoza mafuta usiku uliwonse. Chisamaliro chinali chokwanira, koma awiriwa sankayankhulana zenizeni. Bambo anandiuza pambali kuti akazi awo sawayang'ananso m'maso chichitireni opaleshoni, ndipo iwo ankaganiza kuti anyansidwa ndi chipsera cha pamimba ndi manja akudawo.

Sindinaulule chinsinsi cha mayi. Ndinangowauza mayi kuti chete wawo bambo akumumasulira molakwika, ndipo kumasulirako kukuwapweteka. Zinatenga masabata atatu. Anapempha kuti anene ine ndilipo, ndipo ananena zonse, ndi nsinjiro zomwe, atagwada pafupi ndi mpando wa amuna awo.

Bambo anakhala chete, kenako anati, "Phala lija ndinapempha ndine. Ndikukumbuka bwino." Mawu awo anakwera pang'ono. "Amake mwana, miyezi yonseyi ine ndimati mwatopa nane. Ndiye n'chifukwa chake phala linasowa pakhomo pano?" Sanawakumbatire, sanaseke. Anakwiya masiku awiri, ndipo anandiuza poyera kuti chinawapweteka ndi kubisiridwa. Anatinso nawo anali ndi chawo: miyezi 7 ija ya kutopa, mayi anawauza kangapo kuti abwerere kuchipatala, iwo n'kumakana ponena kuti anayezetsa kale. Ndinawauza kuti wa kukiliniki, amene anaphunzira ntchitoyi, nayenso anakhulupirira pepala lomwelo.

Pamene afika

Bambo anamaliza maulendo 8, koma pa awiri omaliza dokotala anachotsa oxaliplatin chifukwa dzanzi la m'zala linafika powalepheretsa kumanga mabatani. Dzanzilo likadalipo, likuchepa pang'onopang'ono. CEA, chizindikiro cha khansa chimene timayeza m'magazi pa miyezi itatu mpaka 6 iliyonse, ili pansi, ndipo sikani yoyamba sinaonetse kanthu. Abwerera kuntchito theka la tsiku. Ndalama zina zinachokera pakhadi la NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zachipatala, zina m'thumba, ndipo anzawo a chilimba anawapatsa mayi mwezi wawo msanga kuti alipire zoyendera.

Mayi anayamba mankhwala a BP kukiliniki ya kwawo, ndipo pomaliza inali 134/84. PHQ-9 inatsika kufika pa 6 popanda mapiritsi a matenda okhumudwa, ngakhale kuti ndinali wokonzeka kuwatumiza kwa dokotala ikanapanda kutsika. Amagona maola 6 masiku ambiri. Makina osokera akupalasidwanso. Phala amaphika, koma nsinjiro amaika mwana wawo wamkazi.

Chimene sichinapole ndi chikhulupiriro chawo pa kuyezetsa. Tinapeza kuti tsiku lawo lokayezetsa khomo la chiberekero linapitirira ndi chaka, dala. Ntchito imeneyi inayamba mu Lusaka mu 2006, ndipo mayi anali m'gulu la amene ankakoka anzawo a pamsika kuti apite. Tsopano ankati ngakhale atawauza kuti mulibe kanthu, adziwa bwanji kuti n'zoona. Sindinawalonjeze kuti kuyeza sikuphonya, chifukwa aona okha kuti kumaphonya. Ndinawauza kuti kuyeza kumanena za tsiku limenelo ndi za pamene diso linafika, ndipo thupi likayamba kulankhula zina, pepala lakale lisatseke munthu pakamwa. Pamapeto pake anapita, ndipo anafunsa namwino ngati waona khomo lonse.

Kuyeza magazi a bambo kuti titsimikize za Lynch syndrome sikunachitikebe. Anauzidwa kuti magaziwo ayenera kutumizidwa kunja, ndipo ndalama zake sanazipeze. Podikira zimenezo dokotala analangiza kuti ana asadzadikire zaka 45 kapena 50 ngati anthu ena. Mwa mabanja otsimikizika kuunika kumayamba munthu ali ndi zaka 20 mpaka 25, choncho anapempha kuonana ndi mwana wamkulu. Mnyamatayo wakana kawiri. Akuti atate ake anaunikidwa ndipo sizinawathandize. Ndamuitana kuti tidzakambirane awiri, sanayankhe.

Kolonosikopi ya chaka chimodzi chichitireni opaleshoni yatsala ndi masabata 5. Mayi anabwera sabata yatha ndi kope, ndipo tinalemba malangizo onse m'Chinyanja: masiku atatu omaliza pasakhale mgaiwa, mtedza, nyemba kapena ndiwo zamasamba, tsiku lomaliza madzi, tiyi wopanda mkaka ndi msuzi wosefa, njala ikavuta, madzi a shuga, mankhwala otsuka agawidwe, theka madzulo, theka m'mamawa. Kumunsi analemba okha mafunso awiri oti adzafunse asanatuluke m'chipinda, ngati m'kati munayera ndiponso ngati kamera inafika pamene analumikiza thumbo. Anandipempha kuti usiku umenewo foni yanga idzakhale yotsegula, ndipo ndinavomera.